Vaneti ya Peugeot 504 ya malemu atate: tiisunge kapena ipite pa sikelo?

Bambo wina wa ku Kapata, kuno ku Chipata, wafunsa motere: "Malemu atate athu anasiya vaneti ya Peugeot 504 ya petulo, ya mu 1983. Ili pansi pa mtengo wa mango kumudzi, njira ya ku Chadiza, ndipo patha zaka 6 isanalizidwe. Abale anga akufuna tiigulitse kwa anyamata ogula zitsulo, tigawane ndalamazo. Akuti zosunga magalimoto akale n'za anthu olemera okhala ndi ma Benz ndi ma Jaguar, pomwe iyi ndi galimoto wamba yonyamula chimanga. Kodi galimoto yotere ndi yoyenera kuisunga ngati chinthu cha mbiri, kapena ndi chisoni chabe chikundivutitsa?"

Bambo, pepani ndi imfa ya atate anu. Yankho langa n'lakuti inde, galimoto wamba ngati imeneyi ndi yoyenera kuisunga, ndipo kwathu kuno ndi yoyenera kuposa Benz imene abale anu akunenayo. Koma si 504 iliyonse imene ingadzuke, ndipo ndikuuzirenitu kuti phindu la ndalama mulibe. Umakanika ndinauyamba magalimoto amenewa akadali kudzaza pa Down Shops, choncho ndikuuzani zimene ndingamuuze mng'ono wanga weniweni.

Abale anu sakunama kuti ma Benz ndi amene amasungidwa, koma taonani chifukwa chake. Munthu amene anagula Benz m'ma 1970 anali ndi galaja yokhoma, ankaitulutsa Lamlungu ndi pa ukwati, ndipo itakalamba ana ake anadziwa kuti ili ndi mtengo. Yoteroyo siisowa woinenerera. Galimoto wamba imagwira ntchito mpaka kutheratu, ndipo ikagona timaigawana ziwalo. Giyabokosi imapita mu inzake, masipuling'i amapita kwa osula nkhwangwa ndi zikwanje, ekiselo yakumbuyo imakakhala pansi pa ngolo ya ng'ombe, malata a bodi amasanduka mbaula ndi chitseko cha khola. Tsiku la msika ku Katete kapena ku Sinda mukawerame, mukaone pansi pa ngolo zimene zaima pamenepo. Mukapeza ma ekiselo a Datsun, a Land Rover, a Peugeot. Ine zimenezo sindidandaula nazo, chifukwa chitsulo chimene chikadyetsabe banja sichinatayike. Koma mapeto ake, magalimoto amene analipo ochuluka ndi amene amayamba kusowa, ndipo amasowa popanda wozindikira. Munaona liti komaliza Datsun 120Y ikudutsa mumsewu wa Umodzi? Ma Fiat amene ankamangidwa ku Livingstone ndi manja a anthu a dziko lino atsala angati? Ngakhale njinga za Eagle za ku Luangwa Industries, fakitale imene inali muno mu Chipata, kuti mupeze imodzi yathunthu yoti muonetse mwana wa sukulu muyenera kufunsa midzi ingapo. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Tsono mbiri ya chigawo chino sinakwere Benz. Mtedza wa Chalimbana, thonje, fodya, matumba a chimanga opita ku madepoti a mabungwe ogula mbewu a NAMBOARD ndi Eastern Cooperative Union, zonsezi zinkayenda pa ngolo, pa malole ndi pa mavaneti ngati ya atate anuyo. Mayi woyembekezera akavutika usiku m'nyengo ya mvula, basi ya kampani ya boma ya UBZ inali kutali. Amene ankamufikitsa ku chipatala cha St Francis ku Katete kapena cha Mwami anali mwini vaneti wa m'mudzi woyandikana, ndipo kawirikawiri malipiro ankakambirana m'mawa. Bokosi la maliro, mkwatibwi ndi anamfedwa, injini ya chigayo, timu ya mpira, malata a nyumba yoyamba ya malata m'mudzi, zinakwera kumbuyo kwa vaneti. Mdzukulu wanu akadzafunsa kuti agogo ankakhala bwanji, chithunzi cha galimoto ya nduna sichidzamuuza kanthu. Mumukhazike pa mpando wautali wa kutsogolowo, agwire chiwongolero chimene chinasalala ndi manja a agogo ake, ayese kuchitembenuza galimoto ili chiimire amve kulemera kwake.

Mukapita ku Lusaka, kafikeni ku Chilenje, pa nyumba nambala 394 imene a Kenneth Kaunda ankakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962. Pabwalo pake pali Land Rover imene ankagwiritsa ntchito pa nthawi yomenyera ufulu. Siyokongola, siinali yodula, inali galimoto ya ntchito ngati zinzake zambirimbiri. Boma limaisunga chifukwa cha kumene inapita ndi anthu amene inanyamula. Kusiyana kwake ndi yanu n'kwakuti iyo inanyamula mbiri ya dziko, yanuyo ya banja ndi ya mudzi, ndipo ya mudzi palibe bungwe limene lidzabwere kudzakusungirani.

Kunja nkhaniyi anaikambirana kale. Bungwe la FIVA, limene linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo limagwirizanitsa magulu a eni magalimoto akale m'mayiko ambiri, limati galimoto ya mbiri ndi imene yakwanitsa zaka 30, yasungidwa monga momwe inapangidwira, ndipo siyendetsedwa tsiku ndi tsiku. Za mtengo kapena dzina la kampani mulibe. Ku Germany galimoto ya zaka 30 yosamalidwa bwino imapatsidwa nambala yokhala ndi chilembo cha H kumapeto. Ku Britain ikapitirira zaka 40 mwini wake angathe kuilembetsa kuti asamalipire msonkho wa pamsewu, ndipo kuyambira mu 2014 kumeneko kumachitika chionetsero chotchedwa Festival of the Unexceptional, cha magalimoto wamba okhaokha, aja ankayendera aphunzitsi ndi makalaliki. Anachiyambitsa ataona kuti magalimoto a masewera odula adzaza m'nyumba zosungiramo zakale pomwe amene anthu anakuliramo akutha. Pa zaka, vaneti yanu inadutsa kale malire onsewa. Mfundo yoti isamagwire ntchito tsiku ndi tsiku ine ndimaimva, koma ndimaifewetsa, chifukwa inalembedwa ndi anthu okhala ndi magalimoto awiri pakhomo. Vaneti imene ikatuta chimanga chanu kumunda mu June, n'kupita ku tchalitchi Lamlungu, ikusungidwa bwino lomwe. Chimene chimaipha ndi kuisandutsa ya matola a ku Vubwi, matumba 30 ndi anthu pamwamba.

Mwayi wanu ndi wakuti atate anasiya 504, osati mtundu wina. Galimoto imeneyi inatuluka ku France mu 1968, ndipo mu 1969 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka ku Ulaya. Maonekedwe ake anajambula ndi a Pininfarina a ku Italy. Mkulu wake, 404, anapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo 504 inaupambana mu 1975, m'misewu ya fumbi ndi matope yofanana ndi yathu. Vaneti yake inabwera kumapeto kwa m'ma 1970 kulowa m'malo mwa vaneti ya 404. Ku France atasiya, ku Kenya anapitiriza kumanga 504 mpaka 2004, ku Nigeria mpaka 2006. Kwa inu zimenezi zikutanthauza kuti zipangizo za injini, za kilatchi ndi za mabuleki zikupezekabe, ngakhale muyenera kuitanitsa ndi kudikira. Zovuta kupeza ndi tinthu timene anthu amatinyoza: galasi lakutsogolo, malabala a m'mawindo, magalasi a nyali, zogwirira zitseko, wotchi ya liwiro, kachizindikiro ka mkango. Mukapita kumudzi yambani kuwerenga timeneti. Ngati ana sanaswe galasi ndipo nyali zili zonse, mwapulumutsa ndalama zambiri kuposa momwe mukuganizira.

Koma chogamula mlandu ndi dzimbiri. Injini imakonzeka, giyabokosi imapezeka, bodi yowola ndiye imathetsa nzeru. Kuno tilibe nyanja ya mchere, ndipo sitithira mchere m'misewu ngati ku Ulaya, choncho magalimoto athu akanatha kukhala zaka zambiri. Amawola chifukwa cha kumene timawaimika. Mtengo wa mango umaoneka ngati mthunzi wabwino, koma masamba ndi maluwa ake amagwera m'ngalande ya pansi pa galasi lakutsogolo, amatseka timabowo totulutsira madzi, ndipo kuyambira November mpaka April madzi amangokhala m'menemo. Kenako amadontha m'kati, kapeti imanyowa, pansi pamawola kuchokera m'kati pomwe kunja penti ikuoneka bwino. Mutenge sikuludiraiva, tochi ndi thumba loyala pansi. Chotsani kapeti ndi mphira zonse, mubaye pansi pomwe pamaponda mapazi. Tsegulani boneti muone pamwamba pamene mashoko akutsogolo amangidwira, ndi pansi pa batire pamene asidi amadontha. Kenako mugone pansi mutsate mafelemu kuchokera pa kabini mpaka kumbuyo, makamaka pamene masipuling'i agwirira, chifukwa vaneti imene inkasenza katundu wambiri imang'aluka pamenepo. Musaope kubaya mwamphamvu. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chowola chimangoti fwaa n'kugwetsa zikanga zofiirira kumaso kwanu. Mabowo a pansi pa mapazi wowotcherera wabwino amadula n'kuika chitsulo chatsopano. Koma ngati mafelemu awola, kapena pamene pagwira mashoko pakubooka ndi sikuludiraiva, imeneyo yapita, ndipo ndinena pansipa choti muchite nayo.

Tsopano injini, ndipo apa ndikupemphani ndithu. Padzapezeka mnyamata wonyamula batire ya sola amene adzati tingoyesa kuliza timve. Mukanizeni. Injini imene yagona zaka 6 ilibe oyilo m'mwamba, maling'i angakhale atagwirana ndi silinda, ndipo sitata ikaikankha mwamphamvu amathyoka n'kukanda m'kati. Injini zambiri zabwino zafera pa tsiku loziyesa. Yambani ndi kusolola kachitsulo koyezera oyilo. Akakhala wakuda, ndi bwino. Akakhala woyera ngati phala, madzi analowa. Kenako chotsani mapulagi. Pa injini imeneyi, imene inagonekedwa chopendeka, mapulagi ali pansi m'timapaipi ndipo amafuna sipanala yake yaitali, ndiye mupemerere kaye fumbi ndi zisa za mavu zisagwere m'kati. Thirani oyilo pang'ono wosakaniza ndi dizilo m'bowo lililonse, muisiye masiku angapo, kenako muizunguze ndi dzanja pogwira bawuti ya pule yakutsogolo. Ikazungulira mofewa maulendo awiri athunthu, mtima ukhale pansi. Ikakana, musakakamize ndi mpaipi, thiraninso mudikire. Ikamasuka, sinthani oyilo ndi sefa yake, zunguzani ndi sitata mapulagi asanabwezedwe mpaka nyali ya oyilo izime, mupale mapointi (tizitsulo togundana timene timachititsa kuti mapulagi athetheke moto), mutsuke kabuleta. Petulo wa m'thanki anasanduka utomoni kalekale, choncho tsiku loyamba muipatse petulo watsopano kuchokera m'kachigubu koyera, thanki mudzaitsitse n'kuitsuka padera. Pakhale mchenga kapena chozimira moto pafupi, ndipo ana ayime patali.

Pali chinthu china cha injini za Peugeot zimenezi chimene amakanika achinyamata ambiri sachidziwa, chifukwa anakulira pa Toyota. Masilinda ake ndi malaina ozulika, okhala m'madzi, ndipo pansi pa lililonse pali chotsekera chopyapyala choletsa madzi kutsikira mu oyilo. Ubwino wake ndi wakuti injini ikatha simupita nayo ku makina obowola, mumangogula malaina, mapistoni ndi maling'i pamodzi n'kuika. Kuipa kwake ndi kwakuti munthu akachotsa hedi n'kuzunguza injini asanapanikize malainawo ndi mabawuti ndi mawashala aakulu, amanyamuka pang'ono, chotsekera chija chimasokonekera, ndipo mukamanga mumapeza madzi mu oyilo osadziwa kuti achokera kuti. Munthu asanatsegule hedi yanu, mufunseni za malaina. Akakuyang'anani modabwa, mutengereni galimotoyo kwina. Hediyo ndi ya aluminiyamu, ndipo mdani wake ndi madzi a pa mjigo amene timathira mu rediyeta chaka ndi chaka. Amadya hedi m'kati, amatseka rediyeta ndi miyala yoyera, injini imawira pa chitunda, hedi n'kupindika. Mutsukitse rediyeta, musinthe mapaipi onse a mphira, ndipo muzithira mankhwala a mu rediyeta osakaniza ndi madzi oyera. Ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi hedi.

Ikalira musathamangire kumsewu. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, ndipo pa zaka 6 masilinda a mabuleki agwira dzimbiri ndipo timalabala tauma. Pedulo ingathe kulimba pakhomo n'kukalowa pansi mukutsika phiri. Sinthani timalabala tonse, mapaipi ofewa ndi mafuta ake, ndipo muzisintha mafutawo pakatha zaka ziwiri zilizonse. Matayala nawo musawaone mapanga okha. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, kotero 2315 ndi tayala la sabata ya 23 mu 2015. Ouma ndi ong'aluka m'mbali apite akakhale a ngolo. Mawaya muwatsate ndi dzanja limodzi ndi limodzi, chifukwa makoswe a pafupi ndi nkhokwe amakonda kumanga kuseri kwa dashibodi, ndipo waya wosendeka amayatsa moto usiku anthu atagona. Mpaka mutatsimikiza, muzichotsa waya wa batire mukaimika.

Anthu adzakuuzani kuti chotsani injini ya Peugeot muike ya Toyota kapena ya Nissan, masipeya ali paliponse. Kwa munthu amene akufuna vaneti ya bizinesi malangizowo ndi anzeru, ndipo sindimunyoza. Koma inu mwafunsa za kusunga. Kulira kwa injini ija, kumene amayi anu ankakuzindikira galimoto ikadali kutsidya kwa dambo, ndi mbali ya chimene mukusungacho. Ngati zavuta mpaka mwaika ina, musadule mafelemu, yakaleyo muithire oyilo muisunge m'nyumba yosadontha, ndipo nambala ya injini yatsopanoyo mukailembetse ku RTSA, bungwe la boma lolembetsa magalimoto, kuti mapepala agwirizane ndi galimoto. Pa penti ndiye ndili ndi maganizo olimba. Musathamangire kumata fila, phala lija losalazira bodi, ndi kupopera mtundu wowala. Fila wokhuthala amabisa dzimbiri, ndipo pakatha mvula ziwiri amatupa n'kugwa. Penti yakale muitsuke, muipukute ndi polishi, mudzadabwa mmene idzabwerere. Pamene pali dzimbiri palani pomwepo, pakani mankhwala ndi penti yofanana. Ngati pachitseko pali dzina la atate anu ndi P.O. Box yawo, zolembedwa ndi bulashi monga ankachitira eni mavaneti, musafufute. Ma 504 opopedwa mwatsopano alipo m'mayiko ambiri, koma ya dzina limenelo ndi imodzi. Chimodzimodzi pamene panaphwanyika pang'ono ndi goli la ng'ombe kapena mgolo wa dizilo, ngati sipakuwola, pasiyeni.

Nkhani ya abale anu musaitenge mopepuka, chifukwa galimotoyo si yanu nokha. Ngati atate sanasiye wilo, lamulo la mu 1989 la chuma cha masiye limati katundu agawidwe kudzera mwa munthu amene khoti lamusankha kuyang'anira chumacho, ndipo amayi ngati ali moyo ali ndi mbali yawo. Mlongo wanu amene akufuna ndalama ya feteleza kapena ya sukulu ya mwana sakonda atate mochepera inu. Njira yoongoka ndi iyi. Itanani ogula zitsulo awiri kapena atatu anene mtengo wawo pamaso pa onse. Iwo amagula pa kilo, ndipo ngakhale vaneti yotere imalemera kupitirira tani imodzi, ndalamayo mukaigawa pa anthu asanu aliyense adzaona yekha kuti ndi yochepa. Inu muonjezerepo pang'ono pamwamba, mulipire abale anu magawo awo, mulemberane pepala pamaso pa mboni ndi a nyakwawa. Mukapanda kutero, tsiku limene idzawale n'kuyamba kuyenda ndi limene mlandu udzabuke. Kenako funani white book, chikalata cha umwini wa galimoto. Yang'anani m'sutikesi ya atate, m'Baibulo, m'thumba la mapepala a munda. Onani ngati nambala ya chasisi ndi ya injini zikufanana ndi zolembedwamo, ndipo mupite ku RTSA ndi kalata ya woyang'anira chuma ndi ya imfa, mukafunse za kusintha umwini ndi za msonkho wa zaka zimene yakhala chiimire. Muchite zimenezi musanagule ngakhale pulagi imodzi. Galimoto yopanda mapepala siyenda pamsewu, ngakhale injini ikhale yatsopano.

Za ndalama ndanena kale, koma ndibwereze chifukwa anthu amaona mitengo ya pa intaneti n'kutengeka. N'zoona kuti ku Ulaya ndi ku South Africa kuli okonda 504, koma amafuna zosawola, za mapepala athunthu, ndipo kutumiza galimoto kuchokera ku Chipata kumadya phindu lonse. Kuno ogula otere ndi owerengeka. Zimene mudzaononge pa matayala, batire, mabuleki, rediyeta, wowotcherera, inshuwalansi ndi fitinesi mwina zidzaposa mtengo umene mungaigulitse. Choncho musatenge ngongole, musakhudze za sukulu. Chitani pang'onopang'ono, mukagulitsa mbewu mugule chimodzi. Ntchito yoyamba siifuna ndalama zambiri: kuikoka pansi pa mtengo paja mvula isanayambe, kuikweza pa njerwa kapena zipika kuti matayala asakhudze dothi, kuimangira kachisakasa ka malata kapena ka udzu kopita mphepo. Tenti yapulasitiki yoifunditsa mpaka pansi imasunga chinyezi, ndipo imaononga kuposa dzuwa.

Mukapeza kuti yawola kosakonzeka, ndiye ivomerezeni, koma isapite yonse pa sikelo. Funsani m'magalaja a muno, a ku Katete, a ku Petauke, ngakhale kutsidya ku Mchinji, za munthu amene akuyendetsabe 504. Kwa iye galasi lanu, giyabokosi, ekiselo ndi nyali ndi chuma, ndipo adzakupatsani ndalama yoposa ya pa kilo. Imodzi ikafa kuti ziwiri zikhale ndi moyo, kusunga kwachitika ndithu. Inu mutsale ndi chitseko cha dzina chija, mkango wa kutsogolo ndi white book. Muijambule mbali zonse isanaphwasulidwe, ndipo mukhale pansi ndi amayi kapena amalume, foni ili yotsegula, akufotokozereni kumene atate anaigula, mbewu imene anagulitsa kuti aipeze, ndi maulendo amene anthu a m'mudzi amakumbukirabe. Zimenezi muchite ngakhale galimotoyo ikhale yabwino, chifukwa odziwa nkhanizo nawonso akukalamba.

Ikadzuka, muiyendetse monga galimoto ya nthawi yake. Ilibe matumba a mpweya otchinga pa ngozi, ilibe ABS yoletsa matayala kutsetsereka mukaponda mabuleki mwamphamvu, nyali zake n'zofooka poyerekeza ndi za masiku ano, ndipo ikagundana ndi galimoto yatsopano ovulala kwambiri ndi a mu yakaleyo. Muike malamba abwino. Ulendo wa ku Lusaka, makilomita pafupifupi 570, kudutsa mlatho wa Luangwa ndi mapiri a Manenekela usiku pakati pa mabasi ndi mathiraki, usiyireni galimoto ina. Kukonda zakale sikutanthauzanso kuti minibasi yotha mabuleki, yofuka utsi wakuda, ipitirize kunyamula anthu chifukwa ndi yakale. Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ine ndili kumbali ya oichotsa pamsewu. Yanuyo ipite ku Mtenguleni pa Ncwala mu February, ku Mkaika pa Kulamba mu August, inyamule mkwatibwi wa m'banja. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri muziiliza n'kuyenda nayo mpaka itenthe bwinobwino, mabuleki ndi magiya onse agwire ntchito. Kungoiliza mphindi zisanu pakhomo kumadzaza madzi mu ekizozi.

Kwa achinyamata amene akuwerenga yankholi n'kumati ndi nkhani za madala, taonani mataxi amene mumakwera. Toyota Corolla inayamba mu 1966, ndipo pofika 2021 anali atagulitsa zoposa 50 miliyoni. Chifukwa cha kuchuluka komweko palibe amene amaganiza zosungako imodzi. Koma Corolla ya mtundu wa AE100 inatuluka mu 1991, zoyambazo zadutsa kale zaka 30, ndipo ndi galimoto imene inaphunzitsa mabanja ambiri a dziko lino kukhala ndi kiyi m'thumba pamene magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito a ku Japan anayamba kulowa ochuluka. Lero tikuzimaliza m'misewu ya Mchini ndi Nabvutika, mabampa omangidwa ndi waya. Amene ali ndi yosagundidwa, ya mipando yake ndi injini yake, aigwire. Idzavutanso kusunga kuposa 504, chifukwa mapulasitiki ake amauma n'kuthetheka, ndipo kakompyuta ka injini kakafa simungakapale ngati mapointi.

Chotsala ndi munthu wogwira ntchitoyo. Magalaja ambiri lero amayamba ndi kulumikiza makina owerenga zolakwika, ndipo 504 ilibe polumikiza. Mufune makanika wachikulire amene amatchera kabuleta ndi khutu, amene amadziwa mpata wa mapointi ndi wa mavavu osatsegula foni. Akadalipo ku Kapata ndi kuseri kwa Down Shops, ena anapuma ali m'midzi, ndipo mukafunsa madalaivala akale adzakulozerani. Mugwirizane naye ntchito imodzi imodzi, mabuleki payekha, injini payekha, ndipo galimoto ikhale pakhomo panu kapena pamalo otchingidwa, chifukwa yogona pabwalo la galaja miyezi yambiri imayamba kubwereketsa ziwalo kwa zinzake. Chilichonse chimene wachotsa, ngakhale chakufa, abweze kwa inu muchisunge m'katoni, chidzakuthandizani poitanitsa china chofanana. Mumulipire bwino, ndipo pa holide mutumeko mwana wanu mmodzi azikamupatsira masipanala.